Kasankhidwe ka Makatani ndi Mabulaindi Molingana ndi Zenera Lililonse la M'nyumba

Anthu ambiri akafuna kutchinga mazenera a nyumba yawo amayambira pa nsalu. Amaona mtundu umene wawakomera m'maso, n'kugula wokwanira nyumba yonse, kenako n'kupachika chinthu chofanana kuchipinda chogona, pabalaza, kukhitchini ngakhalenso kubafa. Pakatha miyezi ingapo m'pamene zimaonekera kuti katani ya kubafa yachita chuku, ya kukhitchini yamata mafuta, ndipo ya kuchipinda ikulowetsa kuwala m'bandakucha mwini wake tulo tisanathe. Zenera lililonse lili ndi vuto lakelake, choncho kusankha kuyambire pa zeneralo, mtundu ndi maluwa a nsalu zibwere pomalizira.

Choyamba: liyendereni zenera musanagule kanthu

Tengani kope ndi cholembera, ndipo pa tsiku limodzi muime pa zenera lililonse m'mawa, masana ndi madzulo dzuwa litapendeka, mukulemba nthawi imene dzuwa likulowa ndiponso pamene likufika m'chipindamo. Zenera loyang'ana kum'mawa limalandira dzuwa lotsika, lothobwa m'maso koma losatentha kwenikweni. Loyang'ana kumadzulo ndilo lovutitsa kuposa onse, chifukwa dzuwa limalowa chopingasa pa nthawi imene makoma ndi mpweya zatentha kale, ndipo ndi limene limasulutsa mipando, makapeti ndi zithunzi zapakhoma. Kum'mwera kwa ikweta, mazenera oyang'ana kumpoto ndiwo amaona dzuwa nthawi yaitali, makamaka m'miyezi yozizira pamene limadutsa motsika, ndipo kumpoto kwa ikweta zinthu n'zotembenuka. M'madera oyandikana ndi ikweta dzuwa limasintha mbali malinga ndi nyengo ya chaka, kotero kuti zenera limene lili pamthunzi lero likhoza kudzakhala padzuwa pakatha miyezi 6.

Kukada, yatsani nyale zonse, mutuluke panja n'kuyang'ana nyumba yanu monga mmene munthu wodutsa angaionere. Ambiri amadumpha zimenezi, koma ndi njira yokhayo yodziwira mazenera amene akuonetsa za m'kati. Masana galasi limabisa chifukwa kunja kumawala kuposa m'nyumba, pamene usiku chilichonse chimaonekera poyera, ndipo nsalu yopyapyala imene inkaoneka yokwanira masana imasanduka yopanda ntchito.

Mulembenso mmene zenera limatsegukira. Ngati limatsegukira m'kati, chilichonse chimene mungapachike m'kati mwa felemu chidzalitsekereza. Ngati lili ndi chogwirira chotulukira m'chipinda, kapena zitsulo zotetezera akuba zomangidwa m'kati, yezani kuti zatuluka masentimita angati, chifukwa chotchingacho chiyenera kutsika popanda kukodwa. Pomaliza lembani ngati chipindacho chimakhala ndi nthunzi, utsi wa mafuta kapena fumbi lambiri, komanso ngati ana aang'ono amagonamo kapena kuseweramo.

Chachiwiri: dziwani zimene mukusankhapo

Zotchingira mazenera zili m'magulu atatu. Makatani ndi nsalu zolendewera pa ndodo kapena pa kanjanji, zimene zimakokedwa cham'mbali. Alipo opyapyala a neti, amene amachepetsa kuwala koma osabisa usiku, ndipo alipo olemera okhala ndi nsalu ina kumbuyo, imene atelala amaitchula layining'i. Makatani amaphimba malo aakulu, amachepetsa phokoso lobwerera m'chipinda chopanda katundu wambiri, ndiponso amabisa felemu yopindika kapena khoma losasalala, koma amafuna malo m'mbali mwa zenera ndipo amasunga fumbi.

Gulu lachiwiri ndi mabulaindi, opangidwa ndi timatabwa kapena timizere tolimba timene timapendeketsedwa. Otchedwa Venetian ali ndi timizere topingasa ta aluminiyamu, ta mtengo kapena ta pulasitiki wooneka ngati mtengo, ndipo kawirikawiri timakhala ta mamilimita 25 kapena 50 m'lifupi. Ena ndi oimirira, okhala ndi timizere ta mamilimita 89 kapena 127 tolendewera kuchokera pamwamba. Ubwino wa mabulaindi, umene makatani alibe, ndi wakuti mukhoza kulowetsa kuwala ndi mphepo koma n'kutseka maso a anthu, pongopendeketsa timizereto. Kumbukirani kuti timizere topingasa timagwira bwino dzuwa lochokera pamwamba, pamene toimirira timathandiza kwambiri pa dzuwa lotsika la kum'mawa ndi kumadzulo.

Gulu lachitatu ndi la nsalu imodzi yosadukiza imene imakwera ndi kutsika. Ya mtundu wa roller imakulungidwa pa kapaipi pamwamba pa zenera ndipo imatenga malo ochepa kwambiri. Ya mtundu wa Roman imapindika m'makwinya opingasa ikamakwera, imaoneka yofewa ngati katani, koma ikakwera yonse imasiyabe mtolo wa masentimita 20 kapena kuposerapo umene umaphimba galasi ngati yapachikidwa motsika. Ya mtundu wa cellular ili ndi timaboo tooneka ngati zisa za njuchi mmene mpweya umatsekeredwa, ndipo mpweyawo ndi umene umaletsa kutentha kudutsa. Unduna woona za mphamvu m'dziko la United States umanena kuti zotchinga za mtundu umenewu, zikakhala zothina bwino pa felemu, zimachepetsa kutentha kotayika kudzera pa zenera ndi 40 peresenti kapena kuposerapo m'nyengo yozizira, ndipo m'nyengo yotentha zikhoza kuchepetsa kutentha kwa dzuwa kolowa m'nyumba mpaka ndi 60 peresenti.

Chachitatu: gawirani chipinda chilichonse choyenera chake

Kuchipinda chogona chofunika ndi mdima, ndipo apa m'pamene anthu amanyengeka kwambiri. Nsalu yakuda si ndiyo imabweretsa mdima. Chimene chimatseka kuwala ndi layining'i yapadera yopakidwa utoto wokhuthala kumbuyo, yotchedwa blackout, imene ikhoza kusokedwa ngakhale kuseri kwa katani yoyera. Komabe ngakhale nsalu itakhala yabwino chotani, kuwala kumadutsa m'mbali. Nsalu ya roller imakhala yocheperapo ndi masentimita pafupifupi 3 poyerekeza ndi zitsulo zoigwirizira, choncho ikaikidwa m'kati mwa felemu imasiya mizere iwiri yowala, wina kumanzere wina kumanja. Munthu amene amagona masana chifukwa chogwira ntchito usiku, kapena amene ali ndi khanda, achite bwino kupachika chotchingacho kunja kwa felemu, chipitirire ndi masentimita 10 mbali iliyonse, kapena aphatikize ziwiri: roller pafupi ndi galasi, makatani olemera pamwamba pake. Kuphatikiza kotereku ndi kumene ine ndimakuona kukhala kothandiza kuposa kwina kulikonse, chifukwa chilichonse chimatseka mpata umene chinzake chasiya.

Pabalaza zofuna zimasintha ndi nthawi ya tsiku, n'chifukwa chake ndodo ziwiri zimathandiza: yakumbuyo ya makatani a neti amene amakhala otseka masana, yakutsogolo ya makatani olemera otsekedwa usiku. Ngati zenera la pabalaza layang'ana kumadzulo, onetsetsani kuti mbali ya katani yoyang'ana kunja ndi yoyera, chifukwa choyera chimabweza dzuwa pamene chakuda chimalimwa n'kulitulutsira m'chipinda. Unduna womwe uja umanena kuti makatani a mtundu wosada kwambiri komanso wosayera kwambiri okhala ndi choyera cha pulasitiki kumbuyo amachepetsa kutentha kolowa ndi 33 peresenti. Pamene pali wailesi yakanema kapena kompyuta, vuto si kutentha kokha komanso kunyezimira kwa sikirini, ndipo apa pamayenera nsalu ya roller yolukidwa ngati sefa, imene imagulitsidwa ndi nambala yosonyeza gawo la nsalu limene ndi mabowo, monga 1, 3, 5 kapena 10 peresenti. Nambala ikachepa, kuwala kumachepa ndipo kunja kumaoneka movutikira. 3 kapena 5 ndi imene imakwanira zipinda zambiri. Koma musaiwale kuti nsalu yotereyi usiku siibisa kanthu, choncho siyoyenera kukhala yokha pa zenera loyang'ana kumsewu.

Kukhitchini sankhani chinthu chopukutika ndi kansalu konyowa, monga mabulaindi a aluminiyamu, a pulasitiki, kapena roller ya nsalu yokutidwa ndi pulasitiki. Nsalu yolendewera isayandikire chitofu. Pakhale mtunda wa mita imodzi, ndipo muganizire kumene mphepo ingaiulutsire zenera likakhala lotsegula. Zenera la pamwamba pa sinki likhale ndi chotchinga chothera pa felemu, chosafika pamene madzi amathovokera.

Kubafa ndi kuchimbudzi mtengo weniweni umapindika ndi chinyezi ndipo nsalu ya thonje imachita chuku, choncho pulasitiki ndi aluminiyamu ndizo zimakhalitsa. Pendeketsani timizere kuti m'mphepete mwake moyang'ana m'chipinda mukwere m'mwamba ngati bafa ili pansi pofanana ndi anthu odutsa, ndipo muyese usiku nyale ili chiyakire, wina ataima panja.

Mazenera ena savomera njira wamba

Chitseko chagalasi chotsetsereka chimafuna chotchinga choyenda cham'mbali monga mmene chitsekocho chimayendera, kutanthauza makatani a pa kanjanji kapena mabulaindi oimirira, ndipo zonse zisonkhanire ku mbali imene siitseguka, kuti anthu asamapyole m'nsalu potuluka. Zenera lalikulu kwambiri m'lifupi, lopitirira mamita 2, musaliike bulaindi imodzi, chifukwa imalemera, imagwa pakati ndipo zingwe zake zimatha msanga. Igaweni pawiri kapena patatu motsatira zigawo za felemu. N'zodabwitsa kwa ambiri, koma timizere ta pulasitiki wooneka ngati mtengo timalemera kuposa ta mtengo weniweni.

Zenera laling'ono limakula m'maso ngati ndodo yaikidwa pamwamba ndipo yapitirira m'mbali, kotero kuti makatani akatsegulidwa amaphimba khoma osati galasi. Mazenera awiri oyandikana, olekanitsidwa ndi kakhoma kochepa, aoneni ngati limodzi n'kuwapachikira ndodo imodzi. Zenera lokhota pamwamba ngati uta ndi bwino kulisiya chigawo chokhotacho chili poyera, n'kutchinga kuyambira pamene felemu yawongoka, kapena kupachika ndodo pamwamba pa uta wonsewo. Zenera loyang'anizana ndi msewu limapindula ndi zotchinga za cellular zimene zimatsegukira pamwamba komanso pansi, chifukwa mumatseka chigawo cha m'munsi pamene maso a anthu amafika, kuwala n'kumalowera kumtunda. Mazenera a padenga ndi ena osafikirika amafuna zotchinga zoyenda m'tinjanji ta m'mbali kuti zisalendewere, zotsegulidwa ndi ndodo yaitali kapena ndi kamakina kamagetsi.

Chachinayi: yezani, ndipo muyezenso

Gwiritsani ntchito tepi yachitsulo, osati ya nsalu ya atelala imene imatamuka, ndipo muyeze zenera lililonse palokha ngakhale akuoneka ofanana, popeza amisiri samanga mazenera awiri olingana ndendende. Polemba, yambani ndi m'lifupi kenako m'litali, nthawi zonse motero, chifukwa kusinthanitsa manambala awiriwa ndi cholakwa chimene chimawonongetsa zinthu zodula kale zimene sizingabwezedwe.

Ngati chotchingacho chikhale m'kati mwa felemu, yezani m'lifupi malo atatu, pamwamba, pakati ndi pansi, ndipo mutenge nambala yaing'ono kwambiri. Yezaninso m'litali kumanzere, pakati ndi kumanja. Kenako yezani kuya kwa felemu kuchokera pa galasi, kapena pa chogwirira ngati chilipo, kufika pa khoma. Mabulaindi a timizere ta mamilimita 50 amafuna kuya kwa masentimita pafupifupi 7 kuti asatulukire kunja. Pamafunika kuchotsa pafupifupi sentimita imodzi m'lifupi kuti chotchinga chisakhule m'mbali, koma funsani wopangayo ngati amachotsa yekha, kuopa kuti nonse awiri mungachotse n'kutsala ndi mpata waukulu. Mukapeza kuti manambala atatu aja akusiyana ndi sentimita yoposa imodzi, ndiye kuti felemuyo ndi yopotoka, ndipo n'kwabwino kungopachika kunja kwake.

Za makatani, ndodo ikhale masentimita 10 mpaka 15 pamwamba pa felemu, kapena kupitirira apo ngati mukufuna kuti chipinda chioneke chachitali, ndipo ipitirire ndi masentimita 15 mpaka 30 mbali iliyonse. Nsalu iyenera kukhala yaikulu kawiri kuposa ndodo kuti ikhale ndi makwinya okongola ngakhale itatsekedwa; ya neti imafuna kawiri ndi theka kapena katatu. Katani yongokwanira zenera ndendende imaoneka ngati chinsalu chofunda chimene chayanikidwa.

Tiyerekeze zenera la masentimita 150 m'lifupi. Mukawonjezera masentimita 20 mbali iliyonse, ndodo ikhala ya masentimita 190, ndipo kuchulukitsa kawiri kukupatsani masentimita 380. Nsalu zambiri za makatani zimakhala za masentimita pafupifupi 140 m'lifupi, choncho mufunika zidutswa zitatu, chimodzi ndi theka ku katani iliyonse. Ngati kuchokera pa ndodo kufika pansi pali masentimita 240, onjezerani 30 a mpendero wa pansi ndi wa pamwamba, chidutswa chilichonse chikhale cha masentimita 270. Zitatuzo pamodzi ndi mamita 8.1. Nsalu ikakhala ya maluwa aakulu obwerezabwereza, gulani yoonjezera kuti maluwawo adzakumane bwino pa msoko.

Kutalika kwake kuli ndi malo atatu oyenera kuthera: sentimita imodzi pamwamba pa thabwa la m'munsi mwa zenera, masentimita 15 kupitirira thabwalo, kapena sentimita imodzi kuchokera pansi. Katani yothera pakatikati pa khoma imaoneka ngati yapereweredwa nsalu. Ena amakonda yokhwekhwereza pansi, koma imeneyo imatola fumbi ndipo imanyowa pokolopa.

Chachisanu: tsopano sankhani nsalu

Poliyesitala siisuluka msanga, siifupika ndipo imachapika mosavuta, n'chifukwa chake imayenera mazenera a dzuwa lambiri. Thonje limaoneka bwino koma limafupika likachapidwa koyamba, choncho lichapeni musanalidule. Bafuta wa linen amakwinyika ndipo amatalika kapena kufupika pang'ono malinga ndi chinyezi. Silika amawonongeka ndi dzuwa mpaka kung'ambika yekha, ndipo sayenera kupachikidwa popanda layining'i. Musanagule, pemphani kachidutswa, mukakaike pa zenera lenilenilo masana ndi usiku, chifukwa mtundu umasintha ndi kuwala, ndipo mukakayang'anitsa kudzuwa mudzaona kuchuluka kwa kuwala kumene kamadutsitsa. Ngati mukufuna kuti nyumba izioneka yogwirizana kuchokera panja ngakhale zipinda zili ndi zotchinga zosiyana, ingoonetsetsani kuti mbali yoyang'ana kunja ndi ya mtundu umodzi pa mazenera onse a kutsogolo.

Kasokedwe ka pamwamba kagwirizane ndi chopachikira. Makatani a mphete zachitsulo zokhomeredwa m'nsalu amayenda pa ndodo yokha, ndipo mphetezo zikhale za nambala yogawika pawiri kuti mbali zonse ziwiri zithere moyang'ana kukhoma. Makatani a ngowe amayenda pa kanjanji kapena pa mphete za ndodo. Amene ndodo imalowa m'kathumba ka nsalu amavuta kukoka, choncho asungireni mazenera amene satsegulidwa tsiku ndi tsiku.

Chachisanu ndi chimodzi: zingwe ndi ana

Chingwe cholendewera cha bulaindi chikhoza kukola mwana pakhosi mwakachetechete ndi mofulumira kwambiri, ndipo ngozi zotere zachititsa kuti malamulo asinthe. Ku Ulaya muyezo wa EN 13120 unakhwimitsidwa mu 2014 kuti zotchinga za zingwe zizikhala ndi zipangizo zotetezera ana, ndipo ku United States kuyambira mu December 2018 zotchinga zogulitsidwa zopangiratu zimayenera kukhala zopanda zingwe kapena za zingwe zosafikirika. M'chipinda cha ana sankhani zopanda zingwe, zokwezedwa ndi dzanja kapena zopendeketsedwa ndi kandodo. Ngati muli kale ndi za zingwe, khomerani kachitsulo komangirirapo pa khoma, mamita 1.5 kapena kuposerapo kuchokera pansi, muzikulungapo chingwe chonse nthawi iliyonse, ndipo tcheni chozungulira chimangidwe ku khoma kuti chikhale chokungika. Bedi la mwana, mpando ndi tebulo zikhale kutali ndi zenera, popeza mwana amakwera.

Pomaliza: kupachika

Chongani malo a zitsulo zogwirizira ndi pensulo, muyese ndi levulo, kachipangizo koonera ngati mzere wawongoka mosapendekeka, musanaboole, ndipo mupewe kuboola molunjika pamwamba kapena pambali pa switchi ndi soketi, chifukwa m'mizere imeneyo ndi mmene mawaya amagetsi amadutsa. Pa khoma la njerwa kapena la konkire gwiritsani ntchito masikuluwu ndi mapulagi apulasitiki amene amalowetsedwa m'bowo kuti agwire sikuluwu, osati misomali, imene imagwedera pakapita nthawi chifukwa chokoka makatani tsiku ndi tsiku. Pa khoma la mabolodi funani thabwa la m'kati kapena mugule zogwirira zopangidwira khoma lotero. Ndodo yopitirira masentimita 180 imafuna chogwirizira chachitatu pakati kuti isawerame. Ngati denga kapena pansi m'popendekeka pang'ono, nthawi zina ndi bwino kutsatira mzere wa denga kusiyana ndi levulo, chifukwa diso limayerekeza ndodo ndi denga. Zikatero mpendero wa pansi usokedwe makatani atapachikidwa kale ndipo atakhala masiku awiri kapena atatu, nsalu itatamuka ndi kulemera kwake.

Makatani atsopano amakhala otambalala mosalongosoka. Akokereni m'mbali, mukonze makwinya ndi manja kuchokera pamwamba mpaka pansi, muwamange momasuka ndi timizere ta nsalu pamwamba, pakati ndi pansi, ndipo muwasiye choncho kwa masiku atatu musanawamasule. Mabulaindi akwezeni ndi kuwatsitsa kangapo, muone ngati akukhula pa felemu kapena pa chogwirira, kenako mutsegule zeneralo mpaka kumapeto kuti mutsimikize kuti likutsegukabe monga kale.